Anakalipira olemba, kalata osaiyankha

Mwezi wa Marichi ukafika sipalephera kupezeka wina wotikumbutsa za kalata imene maepiskopi a Katolika analemba mu 1992. Mawu ake amakhala omwewomwewo: anali amuna olimba mtima, anaika moyo wawo pachiswe, anatitsekulira khomo la demokalase. Sindikutsutsa. Koma kulimba mtima pakokha sikutanthauza kuti munthu akunena zoona, pakuti alipo anthu olimba mtima zedi amene amalankhula zopanda mutu. Chimene chimandikoka ine pa kalata imeneyi n'china. Ndimafuna kudziwa kuti mfundo zake zinamangidwa bwanji kuti anthu azimve n'kuvomera, ndi kuti amene anakwiya nayo anayankha chiyani. Munthu wofuna kuphunzira kuyeza zolemba zokopa anthu sangapeze chitsanzo chabwino kuposa chimenechi kuno kwathu, chifukwa mbali zonse ziwiri zinaonekera poyera, ndipo padutsa zaka zokwanira kuti tizione ndi mtima wozizira.

Kalatayo, imene pa Chingerezi inatchedwa Living Our Faith, inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse Lamulungu pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti. Anaisindikiza ku Montfort ku Balaka, makope 16,000, ambiri mwa iwo m'Chichewa, ena m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Achinyamata a lero azikumbukira kuti nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, MBC. Kanema kunalibe. Nyuzipepala zazikulu zinali Daily Times ndi Malawi News, zonse za mbali ya boma. Chipani chololedwa chinali chimodzi kuyambira 1966, ndipo Kamuzu anali pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971.

Kusukulu anatiphunzitsa chimangirizo chamtsutso. Umasankha mbali, n'kundandalika mfundo zako, iliyonse m'ndime yakeyake, pamapeto n'kumanga mkota. Pa mayeso zimathandiza, koma zinatisiyira chizolowezi chowerengera mfundo m'malo moziyeza kulemera, ngati kuti wa mfundo zisanu ndi ziwiri wapambana wa mfundo ziwiri. Kunja kuno sizitero. Cholembedwa chilichonse chofuna kutikopa chili ndi zinthu zitatu, ngakhale wolembayo asazitchule: chimene akufuna kuti tivomere, umboni umene watipatsa, ndi ganizo lolumikiza ziwirizo. Ganizo limeneli lili ngati ulalo wa mitengo pamtsinje. Tsidya lino pangakhale polimba, tsidya lija pangakhale pokongola, koma ngati mitengoyo yafumbwa, amene waponda agwera m'madzi. Nthawi zambiri wolemba sautchula ulalowo, ndipo owerenga ambiri sauyang'ana n'komwe.

Choyamba chimene ndimaona pa kalata ija n'chakuti inapempha zochepa kusiyana ndi zimene timaganiza lero. Sinanene kuti Kamuzu achoke. Sinanene kuti kukhale zipani zambiri. Inavomera poyera kuti boma linachitapo khama pa maphunziro ndi pa zaumoyo. Kenaka inati ngakhale zili choncho, kusiyana pakati pa olemera ndi osauka kukukula, malipiro a antchito ndi mitengo imene mlimi amagulitsira mbewu zake n'zochepa, ana adzaza m'makalasi aphunzitsi ali ochepa, zipatala zilibe antchito okwanira, anthu akuopa kulankhula, ena akutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pempho lake linali lakuti anthu aloledwe kunena za mavuto amenewa mosaopa ndi kutengapo mbali pa kayendetsedwe ka dziko lawo. Ena anganene kuti kunali kuchenjera kwa anthu oopa kumangidwa. Mwina. Koma wolemba akapempha zochepa, umboni wofunika kuti atsimikize pempholo umachepanso, ndipo womutsutsa amasowa pogwira. Ukanena kuti boma lonse ndi loola, munthu akuloza msewu umodzi wa tala n'kukutseka pakamwa. Ukanena kuti msewu ulipodi koma kuchipatala kulibe mankhwala, sangakuyankhe ndi msewuwo.

Umboni wake ndiye unali wa mtundu wovuta kuuthawa. Taganizani za mayi amene wakhala pa benchi m'tchalitchi tsiku limenelo, akumva wansembe akuwerenga za anthu oletsedwa kulowa mumsika kapena kukwera basi chifukwa alibe khadi la chipani. Mayiyo safunika kumuuza kuti afufuze m'mabuku. Dzulo lake lomwe anali pa chipata cha msika ndi dengu la tomato pamutu, anyamata a yufi a malaya ofiira atatchinga njira, iye akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje kuti atulutse kakhadi kopindikapindika. Akudziwa mnzake amene anabwezedwa tomato wake n'kuonongeka. Anamvanso, monga ambiri amasimbira mpaka lero, za amayi oyembekezera amene ankauzidwa kuti agulire khadi ndi mwana wa m'mimba yemwe. Pamene kalata inanena za makhoti amene woimbidwa mlandu saloledwa kukhala ndi loya, akuluakulu ankadziwa kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'khoti la mtundu umenewo, ndipo pa tsiku limene kalata inkawerengedwa anali adakali m'ndende ku Zomba. Maepiskopi akanangonama pa chimodzi cha zimenezi, mpingo wonse ukanadziwa nthawi yomweyo. Kwa ine muyeso woyamba wa cholembedwa chokopa ndi umenewu: kodi chandipatsa njira yoti ndichigwire bodza ngati chikunama? Chimene chikuti "anthu odziwa akuti" kapena "zamveka kuchokera mkati" chanditsekera njira imeneyo dala.

Pano pali msampha, ndipo ndi pamene ambiri timagwera masiku ano. Kumva zinthu zimene ukuzidziwa kale kumakoma, ndipo abodza amadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Mvetserani bwino mawu ojambulidwa amene amazungulira m'magulupu a WhatsApp. Munthuyo amayamba ndi zoona zokhazokha. Akuuza mtengo wa paketi ya shuga, iwe n'kugwedeza mutu chifukwa wagula m'mawa womwewo. Akuuza za mzere wa galimoto pa malo omwetsera mafuta, iwe n'kuti eyadi, ndinagona pomwepo. Pofika mphindi yachitatu mutu wazolowera kugwedezeka, ndipo iye akamati zonsezi zikuchitika chifukwa anthu a mtundu wakutiwakuti agwirizana zotikhaulitsa, iwe umangopitiriza kuvomera. Shuga wakweradi. Mafuta akusowadi. Koma kuchoka pamenepo kukafika pa chiwembu cha mtundu wa anthu pali mtunda wautali umene wolankhulayo waudumpha osaponda pansi. Sanatchule za kusowa kwa ndalama zakunja, sanatchule za kugwa kwa kwacha, sanakuuze kuti chiwembucho anachidziwa bwanji. Kalata ya 1992 inasiyana ndi zotere chifukwa mtunda wochokera pa umboni kukafika pa pempho unali waufupi. Anthu akubwezedwa pamsika, anthu akutsekeredwa popanda mlandu, choncho aloleni anene kuti izi n'zolakwika. Palibe pamene womvera anafunika kutseka maso kuti awoloke.

Ganizo lolumikiza analitchula poyera: munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, choncho ulemu wake suchokera kwa boma ndipo boma silingaulande. Wina angafunse kuti nanga amene si Mkatolika, kapena sakhulupirira n'komwe, mfundo imeneyi ikumukhudza bwanji? Funso labwino. Koma olembawo sanatsamire pa Baibulo lokha. Anaikamo miyambi yathu, wina mwa iyo ndi uja wakuti mutu umodzi susenza denga, imene Msilamu wa ku Mangochi ndi Mprezibeteriya wa ku Ekwendeni amaivomera mofanana. Ndipo chaka chisanathe, atsogoleri a mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anakhala pamodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kukambirana ndi boma nkhani zomwezo. Zikuonetsa kuti mfundozo zinkaima ngakhale utachotsapo chiphunzitso cha mpingo umodzi.

Sikuti kalatayo inalibe pofooka. Kunena kuti kusiyana kwa olemera ndi osauka kukukula ndi nkhani yofuna kuyerekeza zaka ndi zaka, ndipo munthu sangaitsimikize pongoyang'ana m'mudzi mwake. Akhoza kuona kuti iye ndi wosauka, bwana wa esiteti ndi wolemera, koma zoti mpatawo ukukula zimafuna manambala, ndipo mphamvu ya kalatayo sinali pa manambala. Mfundo imeneyo ndimaipatsa kulemera kocheperako kusiyana ndi ya makhadi. Komanso tisaiwale malo amene inawerengedwera. M'tchalitchi palibe amene amakweza dzanja kufunsa funso. Mawu ochokera paguwa amabwera ndi ulemu umene sachita kuugwirira ntchito, ndipo ulemu womwewo wagwiritsidwapo ntchito kukopa anthu pa zinthu zopanda umboni. Wowerenga wanzeru amayenera kuichotsa kalatayo paguwa, kuiika patebulo, n'kuona ngati ikuimabe. Mbali yaikulu imaima.

Tsopano yankho la boma. Patangopita masiku awiri apolisi anaitana maepiskopi ku Blantyre n'kuwafunsa mafunso kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Akuluakulu a chipani anakumana ku Lilongwe, ndipo zimene zinajambulidwa pa msonkhanowo zinadzamveka kunja, ena akulankhula zoti maepiskopiwo aphedwe. Nyuzipepala ya Malawi News inalemba ndemanga yoti asachitiridwe chifundo. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka ija inatenthedwa. Monsinyo John Roche, wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno mwezi wa Epulo, m'masiku a Pasaka.

Pa zonsezi, funani chiganizo chimodzi choyankha zimene kalata inanena. Yankho lenileni likanaoneka motere: mukuti aphunzitsi ndi ochepa, nachi chiwerengero chawo chaka chino ndi zaka khumi zapitazo, mukuti anthu akutsekeredwa popanda mlandu, nawa maina a onse ali kundende ya Mikuyu ndi milandu yawo. M'malo mwake nkhani inasanduka yakuti walemba ndani, wamutuma ndani, bwanji sanabwere kudzanena mwaulemu kuseri. Tiyerekeze kuti zinali zoona zimene ankanena, kuti mzungu uja Roche ndiye anagwira cholembera. Kodi zikanasintha chiyani pa chipata cha msika chija? Khadi ankafunsabe.

Sindikunena kuti kudziwa wolemba n'kopanda ntchito. Pamene umboni wonse wagona pa mawu a munthu mmodzi, wakuti ndinaona ndi maso anga nduna ikulandira chikwama, tiyenera kufunsa kuti iyeyo ndani, anali kuti, apindula chiyani tikamukhulupirira. Koma pamene umboni uli pabwalo poti aliyense angathe kuuona, kufufuza mbiri ya wolemba ndi njira yothawira nkhani. Mbali inanso ndi iyi, ndipo okonda kalatayi saikonda: kuyankha moipa kwa boma sikunatsimikize kuti maepiskopi ankalondola. Kunangoonetsa kuti boma linalibe yankho kapena silinafune kulipereka. Munthu akhoza kuzunzidwa chifukwa cha mfundo yabodza. Chokhacho n'chakuti pa nkhani imodzi, ya kuopa kulankhula, boma linapereka lokha umboni umene kalata inkafuna, pomanga anthu chifukwa chopezeka ndi pepala.

Kunena chilungamo, mbali ya chipani chimodzi inali nazo mfundo zake, ndipo zinamveka kwambiri Kamuzu atalengeza mu Okutobala 1992 kuti kukhala riferendamu. Ina inali yakale, imene ankaibwereza pa misonkhano: anthu ake ali ndi chakudya, ali ndi zovala, akugona m'nyumba zosadontha. Chaka chimenecho kunali chilala choopsa m'chigawo chonse cha kummwera kwa Africa, choncho ya chakudyayo inali yovuta kuimeza. Koma ngakhale tikanati zonse zitatu n'zoona, zikuyankha funso limene silinafunsidwe. Munthu wafunsa chifukwa chimene mbale wake ali m'ndende popanda mlandu, iwe ukumuuza kuti denga lake silidontha. Njira imeneyi idakalipo. Mufunse wandale za ndalama zimene zasowa, akuuzani za mijigo imene wakumba.

Mfundo yolemera inali ya nkhondo. Ankati matipate abweretsa nkhondo ndi kugawikana kwa mitundu, ndipo ankaloza ku Mozambique. Apa napo umboni unali wooneka ndi maso, monga wa makhadi uja. M'dziko muno munali othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Dedza ndi m'maboma ena a m'malire. Munthu wa ku Lizulu sankafunika kuuzidwa kuti nkhondo n'chiyani, ankangoyang'ana tsidya la msewu. Amene amati anthu ovotera tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi pa riferendamu, anali mbuli sanaganizepo bwino za zimenezi. Mantha awo anali ndi pochokera.

Chofooka chinali polumikizira. Nkhondo ya ku Mozambique inayamba ndi kukula dzikolo lili pansi pa chipani chimodzi cha Frelimo. Pangano la mtendere limene anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi limene linatsekula njira ya chisankho cha zipani zambiri cha 1994. Ndiye kuti chitsanzo chimene ankaloza chinkanena zosiyana ndi zimene iwo ankafuna kuti chinene. Chitsanzo choyandikira kwambiri chinali Zambia, kumene mu Okutobala 1991 Kenneth Kaunda anagonja kwa Frederick Chiluba n'kutula pansi udindo popanda mfuti kulira. Komabe wa matipate woona mtima anayenera kuvomera kuti ku Kenya, m'nyengo yomweyo yobwerera ku zipani zambiri, anthu anaphana ku Rift Valley pa nkhani za mitundu ndi malo. Zitsanzo zinalipo za mbali zonse, ndipo aliyense ankatola chomukomera. Wolemba akakupatsa dziko limodzi ngati chitsanzo, ntchito yako ndi kufunsa za maiko amene wawasiya.

Ndiye panali theka lina la mfundoyo, la kugawikana. Pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anavotera nyali, chizindikiro cha matipate, koma mavotiwo anatsata zigawo: kumpoto ndi kummwera nyali, pakati tambala. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapeza mavoti pafupifupi 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chakufwa Chihana 19, aliyense mphamvu zake zili kwawo, ndipo AFORD, chipani cha Chihana, inatenga mipando yonse 33 ya aphungu ya kumpoto. Wa Kongeresi akanatha kunena kuti mtsinje wa Tinkanena wathera mu Siizi. Nkhondo sinabwere, koma kugawikana kunaoneka, ndipo tikulimbana nako mpaka lero. Mfundo imodzi inali ndi mbali yabodza ndi mbali yoona, ndipo amene anaitaya yonse kapena kuimeza yonse analakwitsa mofanana.

Ngakhale pamenepa funso lina likutsala, limene ndimaona kuti ndi lovuta kuposa onse. Kodi matipate ndiwo anabala kugawikanako, kapena anangovundukula chimene chinalipo kale? Chinthu chikachitika pambuyo pa chinzake sindiye kuti chinzakecho ndicho chachititsa. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, nthawi ya chipani chimodzi. Mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kuti akaphunzitse m'zigawo za kwawo, ndipo amene anavutika kwambiri anali ochokera kumpoto, ena kusiya mabanja ndi nyumba zimene anamanga. Anthu amene anachitiridwa zimenezi sanayambe kudziona ngati akumpoto pa tsiku la riferendamu. Ine ndimapendekera ku ganizo lakuti chilondacho chinalipo, ndipo andale a zipani zambiri anachipeza n'kuyamba kudyerapo. Koma ndikuvomera kuti kudyerapoko kunachikulitsa, choncho wonena kuti matipate alibe mlandu uliwonse nayenso wapyola pamene umboni ukulekezera.

A nyali nawonso anali ndi malo awo odumpha. M'misonkhano ya nthawi imeneyo munkamveka ngati kuti chipani chimodzi chikangotha, umphawi utha, mankhwala adzaza m'zipatala, ana apeza mabenchi. Kalata ya maepiskopi sinalonjeze zimenezo. Inati anthu aloledwe kunena kuti makalasi adzaza, sinati akaloledwa kunena ndiye kuti makalasi aphwa. Ena ndiwo anawonjezera gawo limenelo, ndipo anthu analilandira chifukwa linabwera limodzi ndi zoona zimene anali atazivomera kale. Boma latsopano litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali ganizo labwino, ndipo ana ambiri amene akanakhala kunyumba anaphunzira kulemba dzina. Koma panalibe zipinda zowakwanira, boma linalemba mwachangu aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi, ndipo makalasi ambiri anasamukira pansi pa mitengo. Vuto la kuchuluka kwa ana pa mphunzitsi mmodzi, limene kalata inadandaula mu 1992, linakula m'zaka zoyamba za ufulu umene kalatayo inathandiza kubweretsa.